SAFUNSA ADADYA PHULA: MBIRI YA OKWERA PHIRI LA MULANJE NDI ANAMULONDOLA AWO



Sabata yatha mdzukulu wanga wina amene akuphunzira ku Blantyre adandiimbira foni kundiuza kuti iye ndi anzake asanu akonza ulendo wokakwera Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje. Ndidakondwa, pakuti mwana amene afuna kudziwa dziko lake ndi wofunika kumulimbikitsa. Koma asanadule foniyo adawonjezera kuti, "Agogo, za namulondola tazisiya, ndi wodula. Njira yonse ili kale pa foni." Mawu amenewa andisowetsa tulo. Kukalipa pa foni sikuthandiza, choncho ndasankha kuchita zimene ndidazolowera pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, ndiko kufotokoza mbiri kuti womvera adziweruzire yekha.

Ife a kunyanja timadziwa kuti mlendo, kaya ndi wophunzira chotani, sakankha bwato kulowa pakati pa nyanja asanafunse asodzi ngati mwera uli pafupi. Koma za mapiri ndife ana. Nyanja yathuyi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja zamchere, ndipo phiri la Chipata, limene timalinyadira m'nkhalango ya Nkhotakota, silifika mamita 1,700. Sapitwa ndi wa mamita 3,002. Mwana wokulira m'kutentha kwa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa sadziwa kuti m'dziko lake lomweli muli malo amene madzi amaundana usiku m'miyezi ya June ndi July.

Phiri lisanalowe m'mabuku

Anthu adayamba kukwera Mulanje kale kwambiri kusanabwere wolemba aliyense. Ofukula zakale adapeza zida za miyala pa phirili, umboni wakuti alenje akale, amene makolo athu ankawatchula kuti Akafula kapena Abatwa, ankafikako. Pambuyo pawo padakhala Amang'anja, kenaka Ayao m'zaka za m'ma 1800, ndi Alomwe amene adayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka zomwezo. Onsewa ankakwera phiri kukasaka nyama, kukafula njuchi, kukakumba mankhwala, kukathira nsembe nthawi ya chilala, ndiponso kukabisala nthawi ya nkhondo ndi ukapolo.

Sankakwera chisawawa. Kwa iwo phirili ndi mudzi wa mizimu ya makolo, ndipo m'mudzi wa eni munthu amayenda ndi ulemu. Anthu a kumeneko amasimba kuti wapaulendo akhoza kupeza chakudya chophikaphika pa thanthwe, ndipo lamulo lake ndi lakuti adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake, osatengako kupita nacho kumudzi. Amasimbanso za Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula, pamene akale ankati pamaoneka munthu wokalamba wa imvi. Dzina lakuti Sapitwa nalonso ndi chenjezo: kumeneko sikupitidwa.

Pamene ndidali mphunzitsi wachinyamata ndinkaziseka nkhani zoterezi. Ukalamba wandiphunzitsa kuziona mwina. Kaya munthu akhulupirira za mizimu kaya sakhulupirira, aone chimene miyamboyi inkachita. Inkaletsa phokoso, kuti gulu limve mawu a wotsogolera ndi mkokomo wa madzi. Inkaletsa kupatuka pa njira. Inkaletsa mlendo kulowa m'phiri popanda mwini dera. Makolo sankadziwa kuyeza mamita, koma ankadziwa kuchuluka kwa anthu amene adapita osabwerera, ndipo adamanga mpanda wa mwambo pamene ife lero tikadakhoma chikwangwani.

Alendo ndi amtengatenga

David Livingstone adaliona phirili mu 1859 pa ulendo wake wopita ku nyanja ya Chilwa. Mu 1891, chaka chimene Angerezi adayamba kulamulira dziko lino, katswiri wa zomera wa ku Scotland, Alexander Whyte, adakwera Mulanje natenga nthambi za mtengo wa mkungudza kutumiza ku London. Kumeneko mtengowo adaupatsa dzina la sayansi lakuti Widdringtonia whytei, kutengera dzina lake. Taonani mmene mbiri imalembedwera: mtengo umene eni dera adaudziwa kuyambira kalekale udatenga dzina la mlendo, ndipo amene adamusonyeza njira ndi kumunyamulira katundu sitiwawerenga m'mabuku a sukulu.

Mu 1893 boma la atsamunda lidamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi, pamene pankadutsa amalonda a akapolo. Mu 1927 phiri lonse lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Mkungudza udakhala chuma chachikulu chifukwa suola msanga ndipo chiswe sichiudya. Amuna ankacheka matabwa pamwamba pa phiri ndi macheka a anthu awiri, nawasenza pamutu kutsika nawo m'zitunda zoterera, ambiri a iwo opanda nsapato. Njira zambiri zimene alendo amayendamo lero zidapondedwa ndi mapazi amenewo.

Ife a ku Nkhotakota nkhani ya kusenza katundu wa ena sitichita kuimva kwa anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika kuno, minyanga ndi anthu ogwidwa ukapolo zinkafika pa gombe lathu pa mapazi kuchokera kumtunda. Atsamunda atafika, bwanamkubwa ankayenda pa machila, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa kukakhala amtengatenga a asilikali, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Choncho mukamva kuti mzungu wakutiwakuti adafika koyamba pamalo pakutipakuti, muzifunsa kuti, kodi adamuphikira ndani, ndipo adamuuza ndani kuti apa pali phompho?

Chiperoni cha 1949

Mdani wamkulu wa wokwera Mulanje si nyalugwe kapena njoka, koma chiperoni. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imachokera. Ndi mphepo yachinyezi ya ku nyanja ya Indian Ocean imene imaomba makamaka pakati pa May ndi August. Ikafika pa Mulanje imakwera, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvumbi umene ukhoza kukhala masiku angapo. Munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake. Matanthwe amaterera ngati therere, ndipo kamtsinje kamene m'mawa udakalumpha, madzulo kamakhala kokokolola ng'ombe. Chiperoni ndi mbale wake wa mwera wathu: zonse ziwiri zimachokera chakummwera m'nyengo yozizira, ndipo zonse zimalanga wonyozera.

Mu 1949 boma la Britain lidatuma Laurens van der Post, wa ku South Africa, kudzayendera mapiri a Mulanje ndi Nyika kuti aone ngati angapindulitse pa ulimi. Ku Mulanje adatsagana ndi mkulu wa zankhalango wachinyamata, Fred France, amene ankakhala ku Chambe, pamwamba pa phiri, ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda. Gulu lawo pamodzi ndi amtengatenga lidapezedwa ndi chiperoni kumtunda kwa chigwa cha mtsinje wa Ruo. Atafika pa mtsinje wosefukira, France adadzimanga chingwe nalowa m'madzi kuti akachimange tsidya lina. Madzi adamukokolola nagwera m'mathithi. Van der Post adalemba nkhaniyi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, m'mene adamusintha dzina kukhala Vance. Kanyumba kena ka ku Chambe kamatchedwabe ndi dzina la France.

Ndakusimbirani nkhaniyi kuti muone kuti amene adafa sadali mbuli. Adali munthu wokhala pa phiri pomwepo, wamphamvu, wolidziwa kuposa alendo ake. Ngati madzi adatenga wotere, nanga mwana wasukulu wongofika pa minibasi?

Kukwera phiri kusanduka masewera

Kukwera phiri pongofuna kufika pa nsonga ndi mwambo wobwera. Udakula ku Ulaya m'mapiri a Alps m'zaka za m'ma 1800, ndipo ngakhale kumeneko olemera a ku England ankalemba ganyu alimi ndi alenje a m'midzi ya m'mapirimo kuti awatsogolere. Kilimanjaro ya ku Tanzania, yaitali mamita 5,895, adafika pa nsonga yake mu 1889 Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller, mothandizidwa ndi anthu a m'deralo. Pa 29 May 1953, Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay wa mtundu wa Sherpa adaima pamwamba pa Everest, phiri lalitali koposa pa dziko lonse, la mamita 8,849. Awiri okha ndiwo adafika, koma katundu wa ulendowo adasenzedwa ndi anthu oposa 300. Mutu umodzi susenza denga. Chosangalatsa pa nkhani ya Everest ndi chakuti dzina la mwana wa m'phiri lidalembedwa pambali pa dzina la mlendo, chinthu chimene kuno kwathu chidachedwa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 zomwezo kudakhazikitsidwa bungwe la okwera phiri la Mulanje, limene lero limatchedwa Mountain Club of Malawi. Pogwirizana ndi a zankhalango, bungweli lakhala likusamala tinyumba togonamo apaulendo pamwamba pa phiri: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, ndi Chisepo kamene kali m'tsinde mwa Sapitwa. Mpingo wa CCAP ulinso ndi kanyumba kake ku Lichenya. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a zingwe adakwera khoma la kumadzulo la Chambe, thanthwe lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene limawerengedwa pakati pa makoma aatali koposa mu Africa. Mmodzi wa iwo, Frank Eastwood, adatulutsa mu 1979 buku lofotokoza njira za phirili, lotchedwa Guide to the Mulanje Massif. Pang'onopang'ono ana ndi adzukulu a ocheka matabwa aja adapeza ntchito yatsopano yotsogolera alendo ndi kuwanyamulira katundu, ndipo adapanga bungwe lawo kuti azilandira alendo mosinthana.

Tsiku limene tidabwezedwa

Inenso ndidapondako. Ndili ku koleji ya aphunzitsi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gulu lathu lidapita ku Mulanje m'mwezi wa June. Adatitsogolera bambo wina wachikulire amene adakulira m'ntchito yocheka matabwa. Sadapite kusukulu, ndipo ife anyamata a Chingerezi chambiri tinkamuyang'ana ngati wantchito wathu. Tsiku lachiwiri, dzuwa likuwala bwino, nsonga imene tinkafuna ikuoneka pafupi ngati ungaigwire, bambo uja adaima, nayang'ana kummwera chakum'mawa, nati, "Aphunzitsi, tibwerere."

Tidang'ung'udza. Ine ndidamufunsa mwamwano ngati akuopa mizimu. Iye sadakwiye. Adangondiloza kamtambo koyera kamene kadagona pa mpata wa mapiri, nandifunsa ngati sindikumva kuti mphepo yasintha pakhosi panga. Kenaka adasenza katundu wake nayamba kutsika, ndipo ife tidamutsata chifukwa padalibe wina wodziwa njira. Tisanafike pa kanyumba kathu nkhungu idatikwirira. Gawo lomaliza tidayenda aliyense atagwira malaya a mnzake, tikutsata kutsokomola kwa bambo uja. Tidakhala m'kanyumbamo masiku awiri tikuwotha moto. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti sindidalembe dzina lake. Ndidachita zomwezo zimene ndikudzudzula atsamunda. Mawu a akulu akoma akagonera.

Awiri amene sadabwerere

Mwina mudzati zimenezo ndi zakale, lero kuli mafoni. Imvani za m'zaka zino. Mu September 2003, mtsikana wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito yachipatala ku Mulanje adasiyana ndi anzake napita yekha ku Sapitwa. Adamufunafuna masiku ambiri, koma sadapezeke.

Mu July 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa zaka 28 wa ku Brazil, katswiri wa zachuma amene adayenda maiko ambiri pofuna kumvetsa za umphawi, adayamba ulendo wa ku Sapitwa ndi namulondola. Nthawi idali itamuthera, ndipo atayandikira gawo lomaliza adasiya namulondolayo napitirira yekha, atavala zopepuka. Nyengo idasintha. Adamufuna kwa masabata oposa awiri, ndipo thupi lake lidapezeka kumayambiriro kwa August. Adafa ndi kuzizira. Mnzake wa kusukulu, Fellipe Barbosa, adakonza kanema wa ulendo wakewo, wotchedwa Gabriel and the Mountain, amene adaonetsedwa ku Cannes ku France mu 2017. M'kanemayo anthu ambiri amene Gabriel adakumana nawo m'njira adasewera mbali zawo zenizeni.

Sindikuwanyoza anthu awiriwa. Adali ana a eni, ophunzira, okonda dziko lathu, ndipo makolo awo adalira monga ndingalirire ine. Koma nkhani zawo zikufanana pa chinthu chimodzi: pa ola loopsa aliyense adali yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuti mumvetse chifukwa chake, dziwani mmene ulendowu umayendera. Ambiri amayambira ku Likhubula, nakwera maola ambiri kufika pamwamba, nagona ku Chambe kapena kupitirira ku Chisepo. M'bandakucha amanyamuka kulunjika ku nsonga, ndipo kupita ndi kubwerera ku Chisepo kumadya gawo lalikulu la tsiku. Gawo limeneli si njira yopondeka ngati ya kumunda. Ndi matanthwe otsetsereka ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, pena kukwawa pansi pake, pena kulumpha ming'alu. Zizindikiro za penti zimene zili pa miyala zimaoneka kukakhala kowala. Nkhungu ikafika, miyala yonse imafanana. Foni ikhoza kukuuza pamene waima, batire ikadalipo, koma siingakuuze kuti mwala uwu ukuterera, siingakubereke ukathyoka mwendo, ndipo siingakukanize kupitirira pamene mtima wako ukukakamira. Ntchito yaikulu ya namulondola ndi imeneyo: kunena kuti "tibwerere" pamene mlendo sakufuna kumva.

Phiri lasintha, eni ake akadalipo

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudayambika mpikisano wa chaka ndi chaka wa onyamula katundu, wotchedwa Porters' Race. Othamanga amanyamuka ku Likhubula, kukwera phiri, kudutsa pamwamba ndi kutsikanso, mtunda wa makilomita oposa 20. Ulendo umene mlendo amauyenda tsiku lathunthu kapena awiri, opambana amaumaliza m'maola osakwana atatu. Poyamba udali wa anamulondola ndi onyamula katundu okha, koma pambuyo pake udatsegulidwa kwa onse, amayi ndi abambo. Kwa ine phindu la mpikisanowu ndi lakuti tsopano maina a ana a m'tsinde mwa phiri amamveka pa wailesi.

Koma phirilo lavulala. Mkungudza, umene Dr Kamuzu Banda adaulengeza mu 1984 kuti ndi mtengo wa fuko, udadulidwa mwakuba ndi kutenthedwa ndi moto mpaka kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambiri, koma mkungudza sukula m'chaka chimodzi. Mu March 1991 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, zimene makolo amati Napolo wadutsa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumulanso mapiri a Mulanje ndi Phalombe, midzi idakwiririka, ndipo mitsinje ndi njira zina zidasintha. Mapu amene adali oona dzana akhoza kukunamiza lero. Wodziwa mmene njira ilili mwezi uno ndi amene adaiyenda sabata yatha.

Mu July 2025, bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kukhala malo achitatu a Malawi pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene chidandigwira mtima ndi chifukwa chimene adaperekera ulemuwo. Adaupereka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe zokhudza phirili, zomwe zija ine ndinkaziseka ndili mnyamata.

Kwa iwe mdzukulu wanga

Pita ukakwere. Sindikukuletsa, ndipo ukabwera udzandisimbire mmene nyanja ya Chilwa ndi minda ya tiyi zimaonekera uli pamwamba. Koma pita monga mlendo wolowa m'mudzi wa eni. Mukafika ku Likhubula lembetsani maina anu ku ofesi ya zankhalango, ndipo tengani namulondola wodziwika kumeneko. Muli anthu asanu ndi mmodzi. Mukasonkherana, mtengo wake sungakulemereni, ndipo ndalamayo idzagula ufa ndi makope a ana m'nyumba ina ya m'tsinde mwa phiri. Gawo lako ndidzakutumizira ine kuchokera pa penshoni yanga. Tengani majuzi, chovala cha mvula, tochi, machesi ndi chakudya cha tsiku limodzi loonjezera. Musasiyane. Kuyenda awiri si mantha.

Namulondolayo akadzati mubwerere, bwererani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Sapitwa adalipo Akafula asanafike, ndipo adzakudikira chaka chamawa. Pomaliza, chita chimene agogo ako adalephera: umufunse dzina lake ndi mudzi wake, ulembe m'kope, ndipo pamene udzasimba za ulendowu, dzina lake lidzayambe.

Ndatha ine agogo anu, kuno ku Dwangwa.